Oimba ndi azisudzo, musalole anthu atuluke pageti musanatenge manambala awo

Akonzi,

Tiloleni tiyankhulepo pa dandaulo limene limamveka kawirikawiri m'masamba a zamsangulutso, loti anthu sakubweranso kumaphwando a zoimbaimba ndi zisudzo monga kale. Zifukwa zimene zimatchulidwa n'zoona. Zinthu zakwera mtengo, makamaka chigwereni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023, kubwereka holo ndi zimkuzamawu kukudula, ndipo munthu amayamba waganiza za ufa asanaganize za tikiti. Koma pali vuto lina limene lili m'manja mwa aluso eni ake. Gulu limadzaza Robin's Park kapena Blantyre Cultural Centre Lamulungu masana, anthu n'kuvina, n'kufupa, n'kubwerera kwawo, ndipo m'mawa mwake palibe aliyense m'gululo amene ali ndi nambala ya foni ya munthu ngakhale mmodzi mwa amene analipira pageti. Pakapita miyezi itatu ayambanso kusaka anthu omwewo ndi mapositala, malonda a pawailesi ndi galimoto ya chimkuzamawu yozungulira m'Ndirande ndi ku Bangwe. Kumeneko n'kutunga madzi ndi lichero.

Wina anena kuti ali ndi omutsatira masauzande pa Facebook. Inde, koma Facebook imasankha yokha amene aone zimene mwalemba, ndipo ochuluka saona pokhapokha mutalipira. Komanso munthu amene anangodina chizindikiro chokutsatirani ali pabedi ku Mzuzu n'ngosiyana ndi amene anakwera minibasi, n'kuima pamzere, n'kutulutsa ndalama pageti ku Zomba. Wachiwiriyu waonetsa kale kuti akhoza kubwera. Ndiye amene dzina lake liyenera kulowa m'kaundula wa gulu.

Zolemba m'kaundulamo zisachuluke. Zokwanira ndi zinayi: dzina limodzi loti muzimutchulira, nambala ya foni, dera limene amakhala, ndi ngati nambalayo ili pa WhatsApp kapena ayi. Musafunse zaka zobadwa, ntchito kapena mpingo. Funso lililonse lowonjezera limatalikitsa mzere ndipo limachititsa munthu kukayika kuti mukufuna chiyani kwenikweni. Dera ndilo limaiwalika kawirikawiri, chonsecho ndilo limadzapulumutsa mayunitsi anu, chifukwa palibe phindu kuuza wa ku Kasungu za sewero la Lachisanu madzulo ku Mulanje.

Ambiri amayamba ndi kope limodzi la hadikava patebulo la matikiti, n'kudabwa kuti pakutha pa phwando muli mayina osakwana 30. Tiyeni tiwerengetsere. Munthu mmodzi amatenga pafupifupi theka la mphindi kuti alembe dzina, nambala ndi dera. Anthu 300 ndiye kuti mphindi 150, maola awiri ndi theka, pomwe khamu lalikulu limafika mothithikana m'kanthawi kochepa phwando likayamba kutentha. Wogulitsa matikiti ali kalikiliki ndi chenji, mabaunsa akukankha mzere, kumbuyo anthu akukuwa, ndiye kope lija limangokankhidwira pambali. Kuipa kwina kwa kope n'kwakuti wolemba aliyense amaona manambala a amene alemba pamwamba pake. Amayi ndi atsikana ambiri salemba pa chifukwa chimenechi, ndipo salakwitsa, poti alipo anyamata amene amajambula tsamba lonse ndi foni n'kuyamba kuvutitsa anthu usiku.

Njira yabwino ndi timapepala. Pepala limodzi la A4 limatulutsa timapepala 8 toti munthu n'kulembapo momasuka, choncho mapepala 40 akupatsani timapepala 320. Pa kapepala kalikonse sindikizani malo a dzina ndi dera, ndi pochonga ngati nambalayo ili pa WhatsApp, ndipo pa nambala jambulani timabokosi 10, chifukwa nambala ya foni ya kuno ili ndi manambala 10 kuwerengera ziro woyambirira. Timabokosi timeneti timathandiza kwambiri. Munthu akadumpha nambala imodzi amaona yekha kuti kabokosi katsala, ndipo polemba m'kabokosi dzanja limasamala, mwakuti 1 sasanduka 7 ndipo 4 sasanduka 9. Pansi pake pakhale mawu achidule onena kuti akuvomera kulandira uthenga wa maphwando a gulu lanu, kuti nambala yake simudzaipereka kwa wina, ndi kuti akafuna kuleka angokuuzani. Kapepalako kaperekedwe limodzi ndi tikiti, munthu akalembere mkati atakhala pansi.

Ntchito yotolera ikhale ndi eni ake, osati wogulitsa matikiti kapena woimba wina amene akudikira kukwera pansanja. Pa anthu 300 pamafunika anthu awiri kapena atatu ovala malaya a gulu kuti azidziwika, aliyense ali ndi zolembera zosachepera 10 ndi katoni yomata bwino yokhala ndi kabowo pamwamba. Zolembera zimasowa, zimenezo muziyembekezere, gulani zotchipa zambiri. Ngati phwando n'lausiku, aliyense akhale ndi tochi, poti magetsi onse amaloza kunsanja ndipo kumipando kumakhala mdima. Ngati lili pabwalo nyengo ya mvula, katoni ilowe m'jumbo. Ndipo otolerawo akhale anthu aulemu, odziwa kunena kuti zikomo akakanidwa n'kupitirira. Ndi bwino kuti mmodzi mwa iwo akhale mayi.

Nthawi yopempha nayo ili ndi nzeru zake. Musapemphe phwando lisanayambe, anthu asanaone chimene mwawakonzera. Musadikirenso nyimbo yomaliza, chifukwa pamenepo mitima ili kale pa minibasi ndi kabaza. Pempho limagwira pakati, itangotha nyimbo imene anthu aimba nanu limodzi, kapena pa nthawi yopumira ngati ndi sewero. Ndipo linenedwe ndi mwini wake amene anthu abwerera, osati MC yekha. Mawu ake akhale achindunji: tikabweranso kuno tikufuna inu mukhale oyamba kumva, lembani kapepala kaja, anyamata ndi atsikana ovala zakutizakuti akudutsa. Kawiri pa phwando lonse n'kokwanira. Kukachuluka anthu amatopa nazo.

Kamphatso kamathandiza, koma kasakhale kakakulu. Malaya a gulu, chimbale, kapena matikiti awiri a phwando lotsatira n'zokwana. Tolani kapepala kamodzi m'katoni anthu akuona, imbani nambalayo muli pansanja osaitchula pachimkuzamawu, ndipo amene foni yake yalira ndiye wapata. Anthu akadziwiratu kuti zidzatero salemba nambala yabodza. Mphatso ikakula, monga foni kapena ndalama, mudzapeza munthu mmodzi walemba timapepala tisanu ndi manambala a azibale ake amene sanamvepo n'komwe za gulu lanu.

Tsopano tifike pamene magulu ambiri amagwera. Atolera manambala 400, awasunga m'foni, atumiza uthenga pa WhatsApp kudzera pa broadcast, njira yotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri nthawi imodzi koma aliyense kuulandira payekha, n'kukhala chete kudikira. Palibe woyankha. Chifukwa chake n'chakuti uthenga wa broadcast umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo. Kwa ena onse umangoima pa chichongi chimodzi mpaka kalekale, ndipo WhatsApp sikuchenjezani. Ndiye kutenga nambala ya munthu ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi kumuchititsa kuti iyenso asunge yanu. N'chifukwa chake kapepala kaja kakhale ndi kachigawo kong'amba kotsala ndi mwini wake, kolembedwa dzina la gulu ndi nambala yake, ndipo pansanja pakhale nsalu yolembedwa nambala yomweyo m'zilembo zoti wokhala kumbuyo kwenikweni awerenge.

Kwa amene ali ndi bandulo pompo, pali njira yachidule kuposa kapepala: iwowo ayambe kukulemberani. Auzeni asunge nambala ili pansaluyo, atumize dzina ndi dera lawo, ndipo muwatumizira nyimbo imene sinatuluke kapena zithunzi za tsikulo. Apa palibe vuto la kalembedwe kosawerengeka, nambala ndi yeniyeni, ndipo chilolezo wapereka yekha. WhatsApp Business, imene ndi yaulere, imakupatsani QR code, chizindikiro cha timadontho takuda, yoti munthu akaijambula ndi foni amafikira pa nambala yanu, komanso imatha kutumiza yokha moni kwa amene wakulemberani koyamba. Mukasindikiza QR code, kumbukirani kuti kukula kwake kumayendera mtunda: ya masentimita 10 imawerengeka bwino pa mtunda wa mita imodzi. Kakang'ono komata kunsanja sikathandiza aliyense. Imatani patebulo la pageti, pafupi ndi pogulitsira zakumwa ndi panjira yopita kuchimbudzi, pamalo owala. Koma musadalire njira imeneyi yokha. M'holo modzaza netiweki imavuta, mabandulo amatha, ndipo anthu ambiri, makamaka m'maboma ndi m'matauni ang'onoang'ono, ali ndi foni za mabatani.

Broadcast imodzi imanyamula anthu osapitirira 256, choncho manambala 700 afuna mindandanda itatu. Popeza muyenera kugawa ndithu, gawani potsata madera: Blantyre ndi Limbe pawokha, Zomba payokha, Lilongwe payokha. Ambiri amathawira ku gulu la WhatsApp poona kuti limalola anthu oposa 1,000. Ife sitilimbikitsa zimenezo. M'gulu aliyense amaona nambala ya mnzake, zomwe zikuphwanya lonjezo lija munalemba pa kapepala. Pakangopita sabata muli maunyolo a mapemphero, malonda a zovala za kaunjika ndi mikangano ya Bullets ndi Wanderers, ndipo amene munkawafuna aja atulukamo mwakachetechete. Channel ya WhatsApp, tsamba limene mumalembapo inu nokha ena n'kumangowerenga, ilibe phokoso limenelo, koma siikuonetsani manambala a okutsatirani, ndiye ikhale yongowonjezera, osati kaundula weniweni.

Timapepala tilowetsedwe pasanathe masiku awiri. Mukachedwa, katoni imanyowa kapena kusochera m'galimoto ya zida, ndipo munthu amaiwala kuti anakupatsani nambala. Lowetsani mu Excel kapena Google Sheets, mzere umodzi munthu mmodzi, n'kuwonjezerapo malo ndi tsiku la phwando limene munamupeza. Apa pali msampha wina. Mapulogalamu amenewa amaona nambala ya foni ngati chiwerengero wamba, ndiye amachotsa ziro woyambirira. Musanayambe kulemba, sinthani danga la manambala likhale la mawu. Lembani manambala onse mofanana, kuyamba ndi +265 n'kusiya ziro uja, kuti zikhale zosavuta kuona amene walowa kawiri. Mmodzi aziwerenga mokweza, wina azilemba. Nambala ikakhala yoperewera, kapena chiyambi chake chisakufanana ndi za kuno monga 099 ndi 098 za Airtel kapena 088 ya TNM, iikeni pambali, musalote nambala yosowayo, mungadzavutitse munthu wosalakwa. Posunga m'foni, yambani ndi dera kenako dzina. Mukatero, kulemba kuti Zomba pofufuza kukutulutsirani onse a kumeneko nthawi imodzi.

Uthenga woyamba upite sabata yomweyo, ndipo usakhale wotsatsa kanthu. Ungonena kuti ndinu ndani, munakumana kuti ndi liti, kuthokoza, kupempha kuti asunge nambalayo, ndi kuwauza mawu oti atumize akafuna kuchotsedwa. Kudzitchula ndi kutchula malo n'kofunika chifukwa Amalawi atopa ndi mauthenga a akuba aja oti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Nambala yachilendo ikangolowa, chala chimathamangira kuitseka. Uthenga woyambawu utumizidwe kwa mmodzimmodzi, poti broadcast sinayambe kuwafika, ndipo muutumize pang'onopang'ono, anthu makumi angapo patsiku. Nambala yatsopano ikatumiza mawu ofanana kwa anthu mazana amene sanaisunge, ena n'kuidandaulira, WhatsApp imatha kuitseka, ndipo kuitsegulitsa si chinthu chapafupi.

Kwa a foni za mabatani, SMS ndiyo njira. Uthenga umodzi umalola zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mukaikamo kachithunzi koseka kaja, kapena chilembo chokhala ndi kadenga monga ŵ, malire amatsika kufika pa zilembo 70, ndipo uthenga umene munkauyesa umodzi umadulidwa patatu n'kulipiritsidwa katatu. Pa anthu 200 kusiyana kwake kumaoneka m'thumba. Lembani w wamba, siyani tizithunzi, ndipo munene zisanu zokha: ndani, kuti, tsiku liti, nthawi yanji, ndalama zingati. Onaninso malamulo a bandulo ya SMS imene mwagula musanayambe kutumiza kwa anthu ochuluka.

Za kuchuluka kwa mauthenga, phwando limodzi lisapitirire atatu: woyamba kutatsala masabata awiri kuti munthu asunge ndalama, wachiwiri kutatsala masiku atatu, womaliza m'mawa wa tsikulo. Ngati phwando lili kumapeto kwa mwezi, wachiwiriwo ugwere pamene malipiro ayamba kulowa. Pakati pa maphwando, kamodzi pamwezi n'kokwanira, ndipo pakhale kanthu kenikeni, kaya nyimbo yatsopano kaya kavidiyo kakafupi ka pokonzekera. Kavidiyoko kachepetsedwe, chifukwa amene akukatsitsa akudya bandulo yake. Moni wa m'mawa uliwonse ndi mavesi a tsiku ndi tsiku ndiyo njira yachangu yotsekedwera. Ndipo a m'kaundula azipatsidwa chimene ena sakupeza, monga kugula tikiti tsiku limodzi ena asanamve, kapena kuchotseredwa pang'ono akaonetsa uthengawo pageti. Wa pageti azichonga aliyense woonetsa uthenga. Chiwerengero chimenecho ndicho chidzakuuzani ngati kaundula akugwira ntchito, ndiponso ndicho mungaonetse mwini malo kapena kampani yofuna kukuthandizani mukamakambirana za mtengo.

Pali nkhani ya lamulo imene aluso ambiri sanaimve. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu, Data Protection Act, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Mutu wake ndi wosavuta: nambala ya munthu ndi yake, muigwiritse ntchito pa chimene anavomera basi, muisunge mosamala, ndipo akati mumuchotse, mumuchotse. Ndiye timapepala tija musataye, ndito umboni wa chilolezo. Tisungeni m'maenvelopu olembedwa tsiku ndi malo, motsekedwa. Manambala a amene agula tikiti pa Airtel Money kapena Mpamba amaoneka m'foni mwanu, koma amenewo analipira tikiti, sanapemphe mauthenga. Afunseni kaye. Nyengo ya kampeni ikafika adzabwera andale ndi ndalama kufuna kaundulayo, amalonda nawonso chimodzimodzi. Kugulitsa n'kuphwanya lonjezo, ndipo anthu amadziwa msanga kumene nambala yawo yatulukira. Magulu a zisudzo oyenda m'masukulu asatenge manambala a ana. Atenge ya mphunzitsi woyang'anira zisudzo kapena ya mphunzitsi wamkulu, poti ndi amenenso adzakuitanani ulendo wina.

Pa zikondwerero zikuluzikulu monga Lake of Stars, Sand Music Festival kapena Tumaini ya ku Dzaleka, geti si lanu ndipo nthawi yanu pansanja ndi yochepa. Pemphani chilolezo kwa okonza musanayendetse makatoni. Akakana, nsalu ya nambala ndi pempho limodzi la pansanja n'zokwanira, kenako mukaime pamene mukugulitsira malaya ndi zimbale mukangotsika, anthu akadali ndi chidwi. Oimba nyimbo zauzimu achite chimodzimodzi ndi abusa kapena akuluampingo asanagawe timapepala m'tchalitchi, ndipo asaiwale kuti nambala ya mtsogoleri wa kwaya kapena wa amayi a chigwirizano imabweretsa anthu odzaza minibasi. Oterewa akhale ndi mndandanda wawo, ndipo aziimbiridwa foni m'malo mongolemberedwa. Amene amakaimbira Amalawi a ku Johannesburg kapena ku Britain asinthe kapepala kaja, timabokosi tichuluke kuti mulowe nambala ya dziko monga +27 kapena +44, ndipo awonjezere malo a imelo poti kumeneko imagwiritsidwa ntchito kwambiri.

Kaundulayu mwini wake ndani? Funsoli limaoneka lopanda pake gulu likamagwirizana, koma magulu amagawikana, mamanejala amachoka. SIM iliyonse kuno imalembetsedwa pa chiphaso cha munthu mmodzi, ndiye amene dzina lake lili pa SIM ya gulu ndiye adzatsale nayo pakadzabuka mkangano. Gwirizanani poyamba pomwe, molemba, kuti ilembetsedwa m'dzina la yani ndipo zidzatani wina akadzachoka. Nambalayo ikhale ya ntchito yokhayi, osati ya munthu yochezera. Iziikidwa mayunitsi ndi kugwiritsidwa ntchito ngakhale nyengo yopanda maphwando, chifukwa SIM yokhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imaitseka n'kudzapereka nambalayo kwa wina. Tsegulani chitetezo cha PIN pa WhatsApp, ndipo aliyense wogwira foniyo adziwe kuti manambala 6 amene amabwera pa SMS sauzidwa kwa munthu wina, ngakhale woimbayo atanena kuti ndi wa ku kampani ya foni. Kaundula weniweni akhale m'malo awiri kunja kwa foniyo, pa intaneti ndi papepala losindikiza, m'manja mwa anthu awiri odalirika. Foni zimabedwa kumaphwando komweko.

Manambala nawo amafa. Anthu amataya SIM, amasamuka, amasintha netiweki. Miyezi isanu ndi umodzi iliyonse pitani m'mindandanda muone amene mauthenga atatu otsatizana aima pa chichongi chimodzi. Atumizireni SMS imodzi yowakumbutsa kusunga nambala ya gulu. Akapanda kuyankha achotseni pa broadcast kuti malo awo mwa 256 aja apite kwa ena, koma m'kaundula wamkulu ingolembani pambali pa dzina kuti nambala yazima, chifukwa ena mudzawapezanso m'katoni ya phwando lotsatira atalemba nambala yatsopano.

Ndife,
Ena mwa oyendetsa magulu a zoimbaimba ndi zisudzo,
Blantyre.